Nyali za Thalakitala ndi Kathumba ka Mkamwini

Lolemba

M'mawa. Ndavala ovolosi, yomwe ija ya ku esiteti ya fodya ku Kasungu, imene mwana wanga Esinati ankati ndiisiye kumudzi chifukwa "ku Australia kulibe choti mukagwire, bambo." Lero chilipo.

Nkhaniyi ndiilembe momwe inayambira, kuti mawa wina asadzaikhotetse. Dzulo titatuluka m'tchalitchi, pa tiyi, a Tembo aja a ku Chipata ali kudzitama kuti pamalo amene agula kuseri kwa Rockingham apezapo thalakitala yakalekale mu shedi, yaing'ono, yotuwa, ndipo injini ikulira bwinobwino. Loweruka likubwerali kuli chionetsero cha makina akale. Dzuwa likamalowa mathalakitala onse amayenda mumdipiti, nyali zili ngwee. Yawoyo nyali zake wina anazichotsa kale, zili m'bokosi. A Tembo akuti: "Nizagula chabe ma LED, mdala, manje manje nkhani yasila."

Ma LED, timagetsi toyera ta masiku ano tija, pa thalakitala ngati imeneyo! Kuli ngati kuveka mayi wa mvano kabudula wa mpira.

Ndinaika kapu pansi. Ndinati thalakitala ya mtundu umenewo ndaiyendetsa kuyambira a Tembo asanamere mano mpaka tsitsi langali kuyera, ndipo pofika Loweruka nyali zake zenizenizo ziyaka. A Tembo n'kuti: "Zikayaka, oyendetsa mumdipiti ndimwe." Onse anamva. Ndi abusa omwe, sikono ili m'kamwa.

Chibwerere kuno sindinagwirepo chiwongolero. Anthu a kutchalitchi amangondidziwa ngati agogo aja amene amapatsidwa mpando wapafupi ndi fani. Loweruka aona dalaivala.

Wokanditula kwa a Tembo ndi mkamwini, popita kuntchito kwake ku Kwinana. Iye kutsogolo, ine kumbuyo. "Mwadzuka bwanji, bambo." "Ndadzuka." Basi, wailesi ipitirize. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Nditangofika kumene m'dziko muno anayesa kundiphunzitsa kayatsidwe ka chitofu, pamaso pa alendo, ndipo ndinanyanyala chakudya mpaka Esinati analira. Kuyambira pamenepo lamulo lilipo: mkamwini akakhala ndi mawu kwa ine, adzere kwa mkazi wake. Kuwoloka nyanja sikusungunula mwambo. Akuti ndi katswiri wa zamagetsi, mapepala ake ali pakhoma m'mafelemu. Ine pakhomo la sukulu sindinapondepo, zilembo ndinazitola m'buku la nyimbo ndi pa matayala, koma sindinamvepo kuti felemu yayatsa nyali.

Masana. Mu shedi mukutentha ngati mu balani ya fodya. Ntchentche za kuno ukazikupiza sizithawa, zimangosamuka pa diso kupita pa mlomo.

Thalakitala ija ndaiona. Yomweyo ndithu. Mpando wachitsulo wa mabowo, chiwongolero chowonda, fungo lomwe lija. A Tembo atalowa m'nyumba ndakwerapo pang'ono kuti ndione ngati mpando ukundikumbukira. Ukundikumbukira.

M'bokosi muli:
- nyali ziwiri zozungulira, magalasi ake athunthu
- mbale zonyezimira za m'kati mwake, zada pang'ono
- mababu atatu enieni akale, okulungidwa m'nyuzipepala. A Tembo akuti otere kuno sapezeka msanga, n'kuitanitsa kunja, ndipo angafike chionetsero chitatha
- chisa cha makoswe
- buku la malangizo la Chingerezi, lomwe ndalipatsa ntchito yogwira chitseko kuti mphepo isachitseke

Madzulo. Esinati sabata ino ali pa naiti ku chipatala ku Murdoch. Amatuluka tisanadye, amabwera ife titachoka. Pagome ndife awiri, ine ndi mkamwini. Ndauza khoma, mokweza, kuti mawa ndikakwecha mbale zija ndi phulusa ndi mchenga mpaka munthu adzione nkhope. Mkamwini watsamwa ndi madzi. Adye modekha.

Lachiwiri

M'galimoto, pa mpando wakumbuyo, kumapeto uko, pali kathumba kapepala kopindidwa pakamwa. Katundu wa mkamwini. Sindinakayang'ane kawiri.

Dziko lonseli mulibe phulusa. Ndafunsa Mayi Tembo, akundionetsa chitofu cha gasi. Ndafunsa za kowotchera nyama panja, nakonso gasi. Anthu olemera chotere, koma phulusa la m'manja limodzi alibe.

Mchenga wokha ndiye wosayamba. Perth yense ndi mchenga, sindikudziwa kuti a Tembo akuti adzalima chiyani.

Ndatola timitengo ndi katoni, ndakoleza kamoto kuseri kwa shedi. Kamoto kakang'ono, koti n'kuwotchapo mbatata imodzi. Utsi usanafike ngakhale padenga, mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nayo walumpha mpanda, paipi ya madzi ili m'manja. Munthu wa msinkhu wanga, koma kulumpha ngati mbuzi yaona mchere. Wathira moto, wathira katoni, wathira nsapato zanga, pakamwa osatseka. A Tembo atuluka, zomvera zili m'makutu, poti iwo ntchito yawo ndi yoyang'anizana ndi kompyuta m'chipinda: "Mdala, nyengo ino moto ni mulandu! Muzatimangisa tonse."

Mlandu wa mbatata imodzi. Chabwino. Phulusa ndalipeza, lonyowa kale, sindivutikanso kuthira madzi.

Kukwecha. Phulusa, mchenga, ndimu wa Mayi Tembo. Mkazi wanga malemu akakwecha mapoto chonchi, anthu ankaima panjira kudzikonza tsitsi.

Mbale yoyamba yayamba kuwala. Ndalimbikira. Yayamba kuchita chikasu. Ndalimbikiranso kuti chikasucho chichoke. Chikasu chafalikira ponseponse, ndipo kunyezimira konse kuli pa chiguduli changa. Siliva wake anali wongopaka pamwamba, wopyapyala ngati ulemu wa ana a masiku ano. Azungu akalenso ankanyenga.

Ndaziika pamodzi, ina yoyera, ina yachikasu. Sizikugwirizana. Thalakitala singayende ndi maso osiyana ngati galu wa mfiti. Ndakwecha inzakeyonso. Tsopano zafanana.

Madzulo. Esinati ali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato, chikwama paphewa: "Bambo, akuti ndikuuzeni kuti mbale zija musazikweche, siliva wake amachoka. Akuti kansalu kofewa basi." Uthenga wa dzulo. Mkamwini anauza mkazi wake pafoni, iye anafika n'kugona, ndipo foni yanga imakhala mu sutikesi, kumene imasungika bwino.

Ndati: "Ukawauze kuti ndamva." Mkamwini ali pa sinki, mkono umodzi kuchokera pamene ndaima, akutsuka kapu yoyera kale.

Pagome ndauza khoma kuti mawa ndilumikiza babu ku batire. Supuni ya mkamwini yagwa. Manja a anthu a mapepala.

Lachitatu

Kathumba kaja lero kali pakati pa mpando. Kayenda usiku? Ndakakankhira kumapeto ndi chigongono. Mkamwini wandiyang'ana pagalasi, ine ndayang'ana machumuni a ku Kwinana.

Zochita lero:
- kubwezera mbale m'nyali (zachikasu zikukongola ndithu, ukaziyang'ana cham'mbali)
- kumangirira nyali pamphuno pa thalakitala
- babu
- kuitana a Tembo adzaone

Pochotsa chitsulo chomangirira, mwatuluka kangaude wakuda wa banga lofiira pamsana. Esinati anandiuza kuti ameneyu akaluma ndi nkhani ya ambulasi. Ndamulankhula mwaulemu, ndamupatsa sipanala pamutu. M'dziko muno chilichonse chaching'ono chimapha, chachikulu chimafuna laisensi.

Nyali zakhala. Thalakitala yapenya. Ndabwerera m'mbuyo kuti ndiione bwino, ndipo ndapukuta m'maso pang'ono. Fumbi.

Babu loyamba. Waya uku, waya uku, swichi.

Ng'anii! Shedi yonse yayera ngati tsiku lachiweruzo, mpaka ndaona chisa cha mbalame chimene sindinkachidziwa. Kenaka pho. Mdima, ndi kafungo.

Babu lokalamba. Lagona m'nyuzipepala zaka zonsezi, mtima unali utafooka. Zimachitika ndi anthu omwe.

Munthu wanzeru satsutsa chinthu ndi mboni imodzi. Ndaika lachiwiri kuti nditsimikize.

Ndatsimikiza.

A Tembo asuzumira pakhomo la shedi, kapu ya khofi m'manja: "Ziyenda bwanji, a injiniya? Ma LED nagula kale, ali mu kabati, in case." Ndati awasunge, adzawaika pa mtengo wa Khirisimasi. Mababu awiri akufawo ali m'thumba la ovolosi, akugundana ndikamayenda. Ndikuyenda pang'onopang'ono.

Madzulo. Esinati pakhomo, tsitsi akulimanga ali chiimire: "Bambo, akuti musalumikize kaye. Mababu aja ndi a sikisi, batire limene lili pa thalakitalayo ndi la thwelofu, wina analisintha. Akuti moto wake ndi wochuluka kawiri, apsa." Kenaka wandiyang'ana: "Simunalumikize, eti?"

Ndati sitima imusiya.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. A mkamwini akagonera amangonunkha utsi.

Sikisi, thwelofu. Ku esiteti tinkayatsa nyali popanda masamu. Koma ngati vuto ndi kuchuluka kwa moto, mankhwala ake ndi osavuta: moto uyende ulendo wautali, ukafike utatopa. Madzi a mu ngalande amatero, ng'ombe zimatero. Ndauza khoma kuti mawa ndiika waya wautali, ndipo fyuzi ikavuta msomali ulipo. Mkamwini wadzuka pagome, wakaima panja nthawi yaitali, akuyang'ana kapinga.

Lachinayi

Kathumba kafika pafupi ndi ntchafu yanga. Pakamwa pake patsegulidwa pang'ono ngati kakufuna kunena kanthu. Munthu wamkulu sasuzumira m'thumba la mkamwini. Mungakhale mankhwala a matenda amene sindiyenera kuwadziwa, kapena kanthu ka mkazi wake. Ndakatseka pakamwa, ndakabwezera kumapeto. Galimoto iyi ikusowa dongosolo.

Waya wautali ndaupeza, mkukutu wonse, kuseri kwa zitini za penti. Ndauzunguliza pa mpando, pa giya, pansi pa injini, kubwereranso. Moto ukadutsa monsemo ukafika ukupempha madzi akumwa.

Babu lotsala ndi limodzi. Sindinaliike. Ndiyese kaye njira, ngati mmene timaponyera mwala pa mlatho wokayikitsa. Amene amati ndilibe nzeru alembe pamenepa.

Swichi. Fyuzi yapsa.

Fyuzi ina ya m'bokosi. Yapsa.

Ku esiteti fyuzi ikapsa tinkaikulunga ndi kapepala kasiliva ka m'paketi ya ndudu, n'kulima mpaka Khirisimasi. Kuno wosuta sindikumudziwa, ndipo mkulu wa mpingo sangayende m'misewu kutola mapaketi. Msomali.

Msomali sunapse. Msomali ndi mwamuna.

Chapsa ndi china chilichonse. Mawaya akale aja okutidwa ndi nsalu ayamba kufuka pansi pa chiwongolero, utsi wakuda wonunkha ngati tsitsi. Kenaka hutala yayamba kulira yokha. Osaigwira munthu! Ikungolira ngati ng'ombe yaona mpeni, ine ndikufunafuna sipanala imene ili m'dzanja langa lomwe.

Mayi wa paipi uja walumphanso mpanda. Ndikuganiza kuti amagona atavala nsapato. Wathira thalakitala, wathira bokosi, wathira buku la malangizo, ndipo ine wandithira mwadala, ndinaona maso ake. Ndazula waya ku batire, hutala yatsirizika ndi kamawu kochonderera.

A Tembo atuluka atavala shati ndi tayi pamwamba, kabudula m'munsi: "Mdala, nenze pa miting'i na mabwana! Bafunsa ngati nili pa road." Kenaka mofatsa, ngati akulankhula ndi wodwala: "Osazivuta, mdala. Ku show mungankhale chabe mu trailer na bazimai, muli na mthunzi."

Mu ngolo. Ndi amayi. Ine amene ndinkatulutsa malole a fodya m'matope a mu Febuluwale, mabwana ataima pa chulu akupemphera.

Injini ikulirabe, Mulungu ngwabwino. Mawaya okha ndiwo asanduka makala. Phulusa ladzaza tsopano, pamene sindikulifunanso.

Shedi yanyowa yonse. Nyali imodzi ndi babu lotsala ndapita nazo kunyumba, zigone pafupi ndi ine.

Madzulo. Esinati, maso ali psuu ndi tulo: "Akuti chonde chonde, msomali ayi. Akuti mawaya angapse." Wanunkhiza ovolosi yanga. "Bambo, inu ndi iwo mumakwera galimoto imodzi tsiku lililonse. Ine ndine nesi, si positi ofesi."

Mwana wosaopa. Watengera amayi ake.

Lero khoma sindinaliuze kanthu. Khoma limeneli lili ndi makutu ochedwa.

Lachisanu

Ndatuluka m'nyumba nyali nditaikumbatira ndi manja onse ngati khanda lopita ku sikelo. Mkamwini wanditsegulira chitseko, ulemu ali nawo, zimenezo sindimumana. Ndalowa chammbuyo kuti galasi lisagunde.

Ndakhala.

Phwa. Pansi panga. Kenaka timaphokoso tina ting'onoting'ono, ngati munthu akutafuna bonya wouma.

Kathumba kaja. Lero anakaika penipeni pamalo panga.

Mkamwini watseka maso, wagwira chiwongolero ndi manja awiri. "Pepani, bambo." Ndati: "Palibe kanthu." Sindinanyamuke. Kunyamuka n'kuvomera kuti pachitika chinthu. Tayenda ulendo wonse ine nditakhalira katundu wake, pa bampu iliyonse phwa wina. Potsika ndakasiya pomwepo, kali phwatalala ngati chitumbuwa. Ngati anali mabisiketi, aphunzire kuika zinthu pamalo pake.

Mu shedi. Lero kapena palibenso. Mawaya a thalakitala kulibe, ndiye ndachotsa msomali, ndatenga waya wautali uja kuchokera ku batire mpaka ku nyali, mkukutu wonse, ndawonjezanso wina wopyapyala wa pa wailesi yakufa. Ndapemphera mwachidule. Babu lomaliza.

Layaka.

Layaka! Osati ng'anii wa dzana uja. Kuwala kofatsa, kwachikasu ngati dzungu, kukugwa pakhoma la malata. Kuwala komwe kuja kumene ndinkabwerera nako ku munda wakutali, fumbi likuvina patsogolo, ana a pa esiteti akuthamangira m'mbali, mayi a Esinati ataima pakhomo chifukwa nyali zanga ankazizindikira pakati pa zina zonse. Ndavula chipewa. Ndaimba ndime imodzi ya nyimbo, yonse, mpaka ameni.

Ndiye ndati ndipeze mboni. Ndathamanga, ine, pa msinkhu uno, kudutsa mchenga wonse uja. Ndagogoda pa windo. A Tembo akweza chala chimodzi, ndidikire, ali pa miting'i. Ndagogodanso. Chala. Mayi Tembo apita kokagula zinthu. Ndayang'ana kumpanda: mayi wa paipi, amene amaona utsi wa ndudu ali m'bafa, lero kulibe.

A Tembo atuluka pomaliza, akudzikanda pamimba. Tafika mu shedi.

Bii.

Ndati linayaka. A Tembo ayang'ana babu lakuda, ayang'ana waya wozungulira mpando, ayang'ana ine. "Nakhulupirira, mdala." Mawu ake ngati a nesi wouza wodwala kuti akuoneka bwino lero.

Likanapsa pomwepo ngati anzake, bwenzi zili bwino. Koma kuyakira ine ndekha, ngati mzukwa!

Madzulo. Esinati wagonereza, akuthamanga nsapato imodzi ili m'manja: "Bambo, pali uthenga wofunika, unali woti ndikuuzeni kalekale ndinaiwala, koma sitima, sitima, ndidzakuuzani." Ndati asavutike. Palibenso chotsala choti chipse.

Loweruka

A Tembo aika ma LED awo. Timagetsi tokhala ndi batire lawolawo, tomata ndi maginito. Ntchito yonse yatha tiyi wanga asanazizire. Thalakitala ikuoneka ngati nkhalamba yopakidwa zodzoladzola pa ukwati wa mdzukulu.

Ovolosi ndavalabe. Yachapidwa, yasitidwa. Chipewanso.

Kubwalo la chionetsero. Azungu okalamba ambirimbiri, zipewa zazikulu, miyendo yofiira, aliyense akusisita chitsulo chake. Anthu anzeru ndithu. Pali injini zopopa madzi zikungoti thu, thu, thu, popanda madzi oti zipope, ndipo eni ake akhala pa mipando akuziyang'ana ngati akuonera mpira. Ndikanadziwa Chingerezi chokwanira, anzanga akanakhala amenewa.

A kutchalitchi abwera pafupifupi onse, poti ndinawauza ndekha kuti abwere. Zomwe ndamva, ndisanakhale n'komwe pansi:
- "Agogo, tamva kuti munayatsa shedi m'malo mwa nyali."
- "Ovolosi yokha ndiye yayaka."
- Abusa: "Chachikulu ndi mtima wofuna, akulu." Abusa amenewa ulaliki wawo umatalika, koma chipongwe amachidula bwino.

Nyali zenizeni zija a Tembo aziika pa tebulo pambali pa thalakitala kuti anthu aziona. Wabwera mzungu wina wa ndevu zoyera, wanyamula imodzi, wayang'ana mbale yachikasu ija, nkhope yagwa ngati wamva za maliro. Akufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Mawu amenewo ndawamva bwinobwino. Lero Chingerezi changa chinatsala kunyumba. A Tembo akuti: "Previous owner." Apo ndiye ndawapatsa ulemu a Tembo, pang'ono.

Dzuwa lapendeka. Mdipiti.

Ndili mu ngolo. Pa mtolo wa udzu, pakati pa Mayi Tembo ndi bokosi la zoziziritsa kukhosi. Amayi a mvano akuimba, wina wandipatsa ambulera kuti ndimugwirire.

A Tembo pa chiwongolero, pa mpando wanga. Giya akuisaka ngati munthu wofuna ndalama m'thumba la buluku lothina. Khrrr. Khrrr. Thalakitala ikulira ngati ikundiitana dzina. Achotsa phazi mwadzidzidzi, ngolo yadumpha, amayi onse agwera pa ine ndi nyimbo yawo yomwe. Patsogolo pa anthu onse, pamene pali wolengeza ndi chimkuzamawu, injini yazima. Zii. Ma LED okha ali mbuu ngati maso a mbuzi yophedwa, limodzi lagwa n'kumalendewera.

Ndakuwa kuchokera mu ngolo kuti abweze giya pakati, apo ayi siilira. Sakumva. Ndakuwanso. Mayi Tembo akuti: "Nkhalani pansi, agogo, muzagwa." Pomaliza abwera azungu awiri a miyendo yofiira, awaonetsa zomwe ndimanena zija, anthu awomba m'manja. Wolengeza watchula dzina la a Tembo, akuti ndi amene aukitsa thalakitalayi.

Mathalakitala enawo akudutsa, nyali zawo zachikasu, zofatsa, zenizeni. Ndinaziwerenga mpaka ndinasiya.

Mkamwini ndamuona. Waima patali, kuseri kwa chingwe, manja kumbuyo. Sanaseke. Sanawombe m'manja. Pobwerera wanditsegulira chitseko, mpando wakumbuyo wausesa bwinobwino.

Lamulungu

Kutchalitchi andipatsa mpando wapafupi ndi fani. Ndakhala.

Masana Esinati wadzuka, wakhala pa mkeka wa pabalaza ngati mwana wolongosoka, ndipo wapereka uthenga wonse. Ndiulembe momwe waunenera.

Akuti Lolemba lomwelo, atamva ndikuuza khoma, mkamwini anaimbira a Tembo ngati akungocheza, n'kufunsa za batire. Lachiwiri m'mamawa anali atapeza kale mababu a thwelofu okwana bwinobwino m'nyali zakalezo, owala chikasu ngati akale, kwa mnzake wa kuntchito amene amasunga zoterezi. Anayi. Ndi mafyuzi. Kundipatsa m'manja sakanatha, kukanakhala kundiphunzitsa ntchito. Kuuza a Tembo kuti apongozi akulakwitsa sakanatha, kumeneko n'kundivula pamaso pa munthu wakunja. Anauza mkazi wake kuti andiuze za kathumba, mkazi wake n'kukumbukira mauthenga a zoletsa okhaokha, wa kathumba n'kugona nawo. Ndiye anakaika pa mpando kuti ndikapeze ndekha, ndidzati ndinatola. Tsiku lililonse ankakasendeza pang'ono.

Ndinakhalira mdipiti wanga ndi matako anga.

Esinati akuti: "Safunsa anadya phula, bambo." Ndati mwambi umenewo ndinamuphunzitsa ndine, asandibwezere ngati ngongole ya mchere.

Ndaganiza bwino, ndipo wolakwa ndamupeza. Ndi ankhoswe. Ndinawauza ndekha pa chinkhoswe kuti ndikufuna mkamwini waulemu, wosayankha akulu, wodziwa malo ake. Anthu aja anachita kunyanya. Munthu ukapempha mchere sakuthira thumba lonse.

Akutinso m'kathumba muja babu limodzi linapulumuka. Limodzi, lathunthu. Ndipo akuti chionetsero china chiliko nyengo yozizira ikamatha, ndipo mawaya opsa aja iye angathe kuwalukanso Loweruka limodzi, ngati ine ndingalole kuti azindigwirira zipangizo. Kundigwirira zipangizo. Mawu amawasankha, mwana wa eni ake.

Kathumbako kali pakhomo la chipinda changa tsopano. Ndakatsegula, poti uthenga wafika m'njira yake. Babu lili bwino. Ndaliika mu sokosi, mu sutikesi, pambali pa foni.

Yankho ndili nalo. Ndi lalifupi: Loweruka likubwerali, m'mawa, abwere ndi zipangizo zake, msomali ndisiya kunyumba. Ndatuluka kuti ndimuuze Esinati akawauze. Esinati wapita kale, amuitana kuntchito, wina wadwala. Wasiya kapepala pagome koti mawa akachoka kumeneko akagona kwa mnzake ku Murdoch.

Mkamwini ali panja pa windo langa, akutsuka galimoto. Ndikumumva akuimba chapansipansi. Windo ndi lotsegula. Nditati ndingotsokomola, angatembenuke.

Esinati abwera Lachiwiri.